Kuchokera ku Nsanje mpaka pamwamba pa mapiri a Chikwawa

Loweruka, Nsanje

Ndafika pa boma la Nsanje dzuwa litapendeka, njinga itamangidwa kumbuyo kwa minibasi, tayala lakutsogolo lili pamiyendo panga njira yonse kuchokera ku Blantyre. Makilomita pafupifupi 180 amenewa ndikufuna ndiwabwerere ndi miyendo yangayi. Gawo lalikulu la njirayi ndi chigwa chokhachokha, chopanda ndi kachitunda komwe. Vuto lili kumapeto. Ukangowoloka mlatho wa Kamuzu n'kudutsa pa Thabwa, msewu wa M1 umayamba kukhotakhota kukwera mapiri, kuchoka pamalo okwera mamita ngati 100 okha kuchokera pa nyanja yamchere, kukafika ku Blantyre komwe ndi mamita oposa 1,000.

Malemu bambo anga ankakwera mtunda umenewo ndi dengu la mlamba wowamba wa ku Bangula pa keriyala. Ndili mwana ndinkawaona akufika ku Chilobwe malaya atayera mchere kumsana, koma sindinawafunsepo kuti amakwera bwanji. Chaka chino ndakwanitsa zaka zomwe iwo anali nazo pamene anasiya ntchitoyo, ndipo funso lija lakhala likundisowetsa tulo.

Ndagona kwa malume. Ayizungulira njinga yanga kawiri, ayang'ana magiya ake 21, kenako akuti, "Mphwanga, usanakafike ku Thabwa kayambe walawa njira ya ku Chididi. Ili pafupi pompa, ndipo sinama."

Lamulungu, njira ya ku Chididi

Ndinanyamuka titaweruka ku tchalitchi, cha m'ma 10 koloko. Kumeneko kunali kulakwa koyamba. Ngakhale ndi mwezi wa Julaye, dzuwa la kuno likakwera limawotcha ngati la Okutobala ku Blantyre.

Chididi ali m'mapiri a kumadzulo kwa boma, chakumalire ndi Mozambique. Njira imayamba bwinobwino pakati pa minda ya thonje ndi mapira, kenako imangodzuka mwadzidzidzi. Ine nditaona mtunda woyamba ndinathamangitsa njinga kuti liwiro lindiponye pamwamba. Liwirolo linatha ndisanafike ndi pakati pomwe, tcheni chili pa giya yolimba. Ndinaimirira n'kuyamba kuponda ndi thupi lonse. Pomwepo tayala lakumbuyo linayamba kuterereka pa timiyala, chifukwa munthu ukaimirira kulemera kwako kumapita kutsogolo, tayala loyendetsa njinga n'kutsala lopepuka. Ndinayesa kusintha giya ndikupondabe mwamphamvu. Ndinangomva khoo, tcheni chagwa n'kukapanikizika pakati pa masipoko ndi fuliwiro.

Ndinachikonza, manja ali bii, n'kuyambanso. Pa mtunda wachitatu mtima unkagunda mpaka m'makutu, m'maso muli chizumbazumba, nseru ili pakhosi. Ndinakhala pansi pa mtengo wa masau, ndipo ndinaopa. Ndinaganiza kuti ngati apa pandigonjetsa, ku Thabwa ndikatani?

Ndili pomwepo panatulukira mnyamata wa kabaza, atanyamula mayi wina ndi thumba la ufa. Njinga yake ndi ya giya imodzi, zakuda zija za mabuleki a ndodo. Ndinamuona akubwera kuchokera patali, akupalasa mofatsa ngati alibe kopita, akucheza ndi mayiyo. Atafika pomwe mtunda umayamba kuwawa, mayi anatsika asanauzidwe, iye n'kutsikanso, nayamba kukankha. Sanali wefuwefu ngakhale pang'ono.

Anaima pamthunzi wangawo. "Achimwene, ndinakuonani kumunsi kuja. Mwauyamba ndi mkwiyo mtundawu."

Ndinamufunsa kuti iye amauyamba bwanji. Anati kumunsi kwa phiri n'komwe munthu ayenera kudziletsa kwambiri, pamene miyendo ikadali ndi mphamvu ndipo ikukunyengerera kuti uthamange. Muyeso wake ndi moni. Ngati ukukumana ndi munthu panjira n'kulephera kumupatsa moni wathunthu, kufunsa za kunyumba ndi kuyankha, ndiye kuti ukudya mphamvu zomwe uzifune kutsogolo. "Phiri limakwereka ndi mpweya, achimwene. Miyendo imangotsatira."

Sindinapitirize. Ndinatsika pang'onopang'ono kubwerera kwa malume, mawu amenewo ali m'mutu.

Lolemba, pamsika wa Nsanje

Lero sindinayende. Tsiku lonse ndinali pansi pa mtengo kwa abambo ena okonza njinga, ndipo ndaphunzira zomwe zaka zisanu zokhala ndi njinga imeneyi sizinandiphunzitse.

Choyamba anandikhazika pa chishalo, n'kundiuza kuti ndiike chidendene pa pedulo yomwe ili pansi. Bondo linali lopindika kwambiri. Anakweza chishalo mpaka mwendo unawongoka, nati ndikamaponda ndi kutsogolo kwa phazi, monga zimayenera kukhalira, bondo lizingopindika pang'ono. Chishalo chotsika chimatopetsa ntchafu msanga ndipo chimapweteketsa mawondo pa mtunda. Anthu ambiri amachitsitsa kuti azitha kuponda pansi ali chikhalire, osadziwa kuti akudzilanda mphamvu.

Kenako anandiwerengetsa mano. Njinga yakuda yomwe inali pambali inali ndi mano 44 kutsogolo ndi 18 pa fuliwiro. Ndiye kuti ukazunguliza mapedulo kamodzi, tayala limazungulira pafupifupi kawiri ndi theka, njinga n'kuyenda mamita oposa 5. M'chigwa muno zimenezo n'zabwino. Koma pa phiri ndiye kuti kuzunguliza kulikonse ukukweza thupi lako, njinga ndi katundu pa mtunda wa mamita 5 nthawi imodzi. Pa njinga yanga giya yofewetsetsa ili ndi mano 24 kutsogolo ndi 34 kumbuyo, ndipo kuzunguliza kamodzi kumandiyendetsa mita imodzi ndi theka basi. Phiri ndi lomwelo, ntchito ndi yomweyo, koma waidula m'tizidutswa tomwe mwendo ungathe kumeza. Anandiuza kuti anthu a kumapiri omwe ali ndi njinga za giya imodzi amabwera kudzasintha fuliwiro ya mano 18 n'kuika ya 20 kapena 22, n'kuwonjezera tcheni pang'ono. Pachigwa njinga imachepa liwiro, koma mitunda yomwe ankatsika amayamba kuikwera.

Za tcheni chomwe chinagwa dzulo anangopukusa mutu. Giya amasintha mtunda usanakugwire, ukangouona kutsogolo. Ngati wachedwa, uponde mwamphamvu kawiri kuti njinga ipeze kaliwiro, kenako ufewetse phazi kamphindi pamene tcheni chikudumpha. Tcheni chokokeka sichisamuka mwamtendere. Anamanga kasikuluwu komwe kamaletsa tcheni kupitirira mpaka m'masipoko, natsuka tchenicho ndi parafini, n'kudonthezera oyilo pang'ono. Oyilo wambiri amaitana fumbi, fumbilo n'kumadya mano.

Ndinawapatsa ndalama yomwe anatchula, ndipo ndinaona kuti ndi yochepa poyerekeza ndi zomwe ndatenga. "Takhuta," anatero pothokoza m'Chisena, nabwerera ku chubu chomwe ankamata.

Lachiwiri, Chididi

Ndinanyamuka atambala akulira kachiwiri. Matayala ndinawaphwetsa pang'ono kuti azigwira bwino pa timiyala.

Mtunda uja unandigwetsera tcheni ndinaulowa ndili kale pa giya yofewa, ndikuyenda pang'onopang'ono moti mwana wa sukulu akanatha kundiperekeza wapansi. Sindinaimirire. Pomwe mtunda unaimirira kwambiri tayala lakutsogolo linayamba kupepuka ngati lifuna kudzuka, ndiye ndinasendera kunsonga kwa chishalo, n'kupinda zigongono, chifuwa n'kutsikira ku handulo. Motero matayala onse awiri anali ndi kulemera kwake. Aliyense yemwe ndinakumana naye ndinamupatsa moni mokweza, osati chifukwa cha ulemu wokha, komanso kuti ndimve ngati mpweya ukukwana. Kawiri moni unadukira pakati, ndipo kawiri konseko ndinachepetsa.

Ndinadutsa pa mtengo wa masau uja osaima.

Kumtunda kuli kamphepo kozizira komwe simungakhulupirire kuti muli m'boma la Nsanje. Ukacheuka umaona Shire akunyezimira pansi, madambo, ndi mapiri a ku Mozambique kutsidya. Ndinakhala nthawi yaitali ndikungoyang'ana.

Kutsika kunandiphunzitsa china. Nditagwira mabuleki osasiya kwa kanthawi, ndinaima n'kukhudza limu, ndipo inandiwotcha chala. Limu ikatentha chotero mabuleki amafooka, chubu chimathanso kuphulika. Kuyambira pamenepo ndinkagwira mwamphamvu kamphindi, n'kusiya, n'kugwiranso, mabuleki onse awiri, thupi nditalikankhira kumbuyo.

Lachitatu, Nsanje mpaka Ngabu

Mwera unali kumsana tsiku lonse, ndipo njinga inkangoyenda yokha. Tengani, Phokera, kenako Bangula dzuwa lisanafike pamutu.

Pa Bangula ndinapatuka kukaona kumadzi. Chikokolokereni njira ya ku Chiromo ndi madzi osefukira mu 1997, anthu amawoloka pa mabwato, njinga zawo zitagonekedwa pamwamba pa matumba. Chakumpoto kwake kuli dambo lalikulu la Elephant Marsh, lomwe mu 2017 linalowa m'gulu la madambo otetezedwa pansi pa pangano la Ramsar. Kumeneko n'komwe kumachokera mlamba ndi makakana omwe bambo anga ankapikula. Fungo la nsomba zowamba pamsika linandigwira pakhosi, moti ndinagula milamba iwiri ndisanaganize kuti ndikaiphikira kuti.

Kuchoka apo ndi Sorgin, ng'ombe zikudutsa msewu mwakufuna kwawo, malambe ali mbuu m'mbali. Ndafika pa Ngabu madzulo, matako akuwawa kuposa miyendo.

Lachinayi, Ngabu mpaka Dyeratu

Lero ndinadziletsa dala. Ulendo unali waufupi, ndipo ndinaugwiritsa ntchito pozolowetsa miyendo kuzungulira mofulumira pa giya yopepuka. Ndinkayang'ana wotchi n'kuwerenga: maulendo 80 pa mphindi imodzi. Poyamba zimaoneka ngati ukupalasa mphepo, koma ntchafu sizitentha, ndipo mawa ndikufuna ntchafu zomwe sizinatenthepo.

Pa Nchalo minda ya nzimbe ya Illovo imayambira m'mphepete mwa msewu mpaka komwe maso amalekezera, ndipo ino ndi nyengo yodula, utsi uli tolotolo. Ndinadutsa njira yolowera ku Lengwe osapatuka. Mtsinje wa Mwanza ndi mchenga wokhawokha tsopano, ana akusewera pakati pake, koma ukayang'ana m'mbali umaona pomwe madzi a namondwe wa Ana mu 2022 ndi a namondwe wa Freddy mu 2023 anadya nthaka ndi minda ya anthu. Kuchokera pa Bereu mapiri aja anayamba kuonekera kutsogolo, abuluu, otalika, ndipo sanachokenso m'maso mwanga.

Pa Dyeratu, ndikudya nsima ya nyama yambuzi, panja panaima njinga ya dengu lalikulu lokutidwa ndi chiguduli. Fungo linandiuza zomwe zinali m'katimo. Mwini wake ndi bambo wachikulire, wa imvi m'ndevu, woonda koma wa mitsempha yoonekera m'miyendo. Ndinawapatsa moni n'kuwafotokozera za ulendo wanga ndi za bambo anga. Anamvetsera osandidula, kenako anati, "Mwananga, ine ndinyamuka 4 koloko. Ukafuna tiyendere limodzi. Koma udye bwino usiku uno, phiri lija silifuna munthu wa m'mimba mopanda kanthu."

Ndagula nthochi, mbatata yootcha ndi mtedza. Mabotolo atatu ndadzaza, limodzi ndasungunuliramo paketi ya Thanzi, chifukwa thukuta silichotsa madzi okha, limachotsanso mchere. Tochi ndamangirira ku handulo, kanyali kofiira kumbuyo. Tulo sitikubwera.

Lachisanu, Thabwa

Tinawoloka mlatho wa Kamuzu kudakali mdima, Shire akungomveka kulira pansi. Pa Thabwa amayi anali atayamba kale kuyala tomato ndi nyali zawo. Njira ya kutsidya la kum'mawa, yopita ku Fatima ndi Muona, tinaisiya kumanja, ife n'kulunjika phiri.

Abambo aja anapalasa mpaka pa khona loyamba, kenako anatsika. Sanadikire kuti atope kaye. Ndinayang'anitsitsa kakankhidwe kawo, chifukwa nako ndi luso: dzanja limodzi pa handulo pafupi ndi buleki, lina kumbuyo kwa dengu, njinga itapendekera pang'ono m'chiuno mwawo, thupi lonse litaweramira kutsogolo, masitepe aafupiafupi ofanana. M'thumba la malaya anali ndi mwala. Akafuna kupuma amauika kuseri kwa tayala lakumbuyo, njinga n'kuima yokha, manja n'kupumula. Tinapangana kuti ine ndizitsogola n'kumawadikira.

Ndinaika giya yachiwiri kuchokera ku yofewetsetsa, yomalizayo n'kuisunga. Munthu umafunika kudziwa kuti ukadali ndi pothawira. Liwiro langa linali ngati makilomita 6 pa ola. Mtima unkafuna kuti ndiwonjezere, popeza kunali kozizira ndipo miyendo inali yatsopano, koma ndinakumbukira mnyamata wa ku Chididi. Panalibe womupatsa moni mumdimamo, choncho ndinkayimba nyimbo ya ku tchalitchi chapansipansi. Mzere ukathera pakati, ndinkadziwa kuti ndapyola muyeso.

Makhona a msewu umenewu ali ndi khalidwe lawo. Khona lokhotera kumanzere limakuika m'kati mwake, ndipo m'katimo ndi momwe mtunda umaimirira kwambiri, pakuti msewu ukukwera mamita omwewo pa kamtunda kakafupi. Thupi limafuna kuthawira pakati pa msewu pomwe pali pofewerapo. Musachite zimenezo pa M1. Malole amatsika phirili atalemedwa, mabuleki akununkha, minibasi nazo zimadula makhona, ndipo woyendetsa sakuonani mpaka atakufikani. Kuyenda mokhotakhota kuchoka mbali ina ya msewu kupita ina kumafewetsadi mtunda, ndipo pa njira ya kumudzi yopanda magalimoto ndi nzeru yabwino, koma pano ndi imfa. Ine ndinkafewetsa giya khona lisanafike, n'kukakamira kumanzere kwanga, makutu ali tcheru.

Msana ndi matako zikayamba kudandaula ndinkaimirira, koma mwa dongosolo. Pa tala tayala siliterereka ngati pa timiyala ta ku Chididi, ndiye kuimirira n'kotheka. Ndinkalimbitsa giya kamodzi, n'kudzuka, n'kuponda maulendo khumi kapena khumi ndi asanu ndikulola kulemera kwa thupi kugwera pa pedulo, kenako n'kukhala pansi, giya n'kubwezera. Kupitirira apo mtima umakwera msanga, popeza miyendo yanyamula thupi lonse lomwe chishalo chinkanyamula. Madzi ndinkamwa pang'onopang'ono pakangopita mphindi 15, ludzu lisanabwere. Nthochi yoyamba ndinadya ndisanamve njala.

Kunayamba kucha ndili pakati pa phiri. Ndinaima pamalo otakasuka kuti ndiwadikire abambo aja, n'kucheuka. Chigwa chonse chinali pansi panga: Shire akupindika ngati njoka yasiliva, minda ya nzimbe ili biriwiri chakum'mwera, nkhalango ya Majete chakumadzulo, utsi wa m'makhitchini ukukwera m'midzi. Anyamata a makala anandidutsa akukankha njinga zosaoneka n'komwe chifukwa cha matumba, mmodzi kutsogolo wina kumbuyo. Ndinaganiza za mitengo yomwe yatha m'mapiri amenewa, ndinaganizanso za misana yawo, ndipo zonse ziwiri zinandipweteka.

Abambo aja anafika patapita nthawi, akuyenda ndi sitepe yomwe ija anayambira nayo kumunsi. Anaika mwala wawo, tinagawana mbatata. Anandichenjeza kuti ndisakhalitse, miyendo ikazizira imauma.

Kuyambanso pa mtunda kuli ndi njira yake. Giya ikhale yofewa usanaime. Pedulo ya mwendo wamphamvu uikweze ikhale kutsogolo chakumwamba, ugwire buleki, ndipo uisiye nthawi yomweyo pamene ukuponda. Phazi linalo lisafunefune pedulo mwamantha, lingoikwera ikamabwera.

Chakumtunda, dzuwa litayamba kutentha, mnofu wa kuseri kwa ntchafu yamanja unakokana mwadzidzidzi. Giya yomaliza ija ndinali nditaigwiritsa kale ntchito. Ndinatsika, ndinawongola mwendo, ndinamwa madzi a Thanzi, kenako ndinakankha njinga mamita ngati 300. Lamulungu lapitali ndikanaona ngati ndagonja. Lero ndinakankha monga ndinaonera m'mawa, njinga m'chiuno, masitepe aafupi, ndipo mwendo utamasuka ndinakweranso.

Amene simunayendepo njira imeneyi pa njinga dziwani kuti makhona akatha phiri silinathe. Msewu umapitiriza kukwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika, ndipo timitunda timeneti timapweteka kwambiri chifukwa mumtima umakhala utamaliza kale. Apa m'pomwe mphamvu zomwe ndinasunga kumunsi zinandithandiza. Ndinafika pa Madziabango kukuchita kachifunga ka chiperoni, ndikunjenjemera ndi kuzizira, munthu amene ndinagona ndi thukuta pa Dyeratu.

Ndinawadikira pa kanyumba ka tiyi kuposa ola. Atafika ndinawagulira tiyi wamkaka ndi mabanzi awiri, kenako ndinawapempha kuti andilole ndikankheko njinga yawo pa kamtunda kotsatira. Anaseka pang'ono, nandipatsa handulo.

Dengu lija linandikokera kumbuyo ngati munthu wamoyo. Ndinaweramira kutsogolo, ndinafupikitsa masitepe, fungo la mlamba lili m'mphuno. Pofika pamwamba pa kamtundako misozi inali ikutsika, ndipo sindinaibise. Iwo sanafunse kanthu. Anangoika mwala kuseri kwa tayala, n'kuima nane mpaka nditapuma.

Tinasiyana titadutsa pa Milare, iwo akuthamangira msika nsomba zisanachedwe. Ine ndinakhotera ku Chilobwe. Amayi anali pakhonde akusankha nyemba. Anandiyang'ana, anazungulira kumbuyo kwanga, nagwira malaya pomwe panayera mchere. Anakhala chete kanthawi, dzanja lili pamsana panga.

"Madzi ali pamoto," anatero. "Kasambe, udzadye."